Anamuuza kuti alire maliro, iye analira ngati nkhanga

Chenjezo kaye, asisi: nkhaniyi ikukhudza ana ogwiriridwa ndi achibale awo, komanso mtsikana wofuna kudzipha. Ngati lero mtima suli m'malo, isungeni mudzawerenge tsiku lina, siithawa. Chachiwiri, ndiulula mmene filimu ikuthera, ndiye amene simunaonere musadzandinene.

Loweruka lapitali tinaunjikana atsikana 9 pabalaza pa mnzathu wina, laputopu pampando, sipika yobwereka, mbale ya zitumbuwa pakati. Tinkaonera On Becoming a Guinea Fowl, filimu ya Rungano Nyoni wa ku Zambia. Mphindi zoyambirira kunali chikhakhali chokhachokha, wina mpaka anatsamwa ndi chitumbuwa. Pofika kumapeto pabalaza panali zii. Mmodzi anadzuka n'kupita kubafa, anakhalako nthawi yaitali, ife tikungomva madzi akutuluka pampopi. Wina, maso ali pansi, anangoti, "Ankolo Fred kwathu aliponso." Palibe anamufunsa kuti ndani. Palibenso anadabwa. Kusadabwa kumeneko ndi kumene kwandikhazika pansi kuti ndilembe.

M'miyezi yapitayi ndaonera zambiri, bandulo yanga ndiyo mboni. Ndinaonera Adolescence ya pa Netflix ija, yomwe inatuluka mu Marichi 2025 n'kugwedeza dziko. Magawo anayi, gawo lililonse analijambula kamodzin'kamodzi osadula kamera. Mnyamata wa zaka 13, Jamie, wamangidwa chifukwa chobaya mtsikana wa pasukulu pake. Ndi sewero lamphamvu, Owen Cooper mwana uja ndi katswiri, ndipo nkhani ya zomwe anyamata akuphunzira pa intaneti zokhudza akazi tidzaikamba payokha, poti achimwene athu ang'onoang'ono ali ndi mafoni omwewo. Koma nditamaliza ndinadzifunsa kuti nanga Katie? Bambo a Jamie tikuwadziwa, galimoto yawo tikuidziwa, misozi yawo tinaiona pafupi. Katie, mwana wophedwayo, ndi dzina, chithunzi ndi kavidiyo ka CCTV basi. Pafupifupi maola anayi tili kalikiliki kuyesa kumumvetsa mnyamata.

Nyoni anachita zosemphana. Mwamuna wolakwayo wafa kale filimu isanayambe, sapatsidwa mpata wodzifotokoza, ndipo kamera imakhala ndi atsikana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Nkhani yake ili motere. Ndi usiku, msewu uli wopanda anthu, Shula akuyendetsa galimoto kuchokera kuphwando. Wavala chisuti chakuda chofufuma ngati chija anavala Missy Elliott m'vidiyo yake ya 1997, kumutu chinthu chonyezimira. Akuona munthu ali kwala pamsewu. Ndi malume ake, Fred, mlongo wa amayi ake, ndipo wafa. Shula sakukuwa, sakugwetsa msozi. Akubwerera m'galimoto, akuimbira bambo ake, ndipo bambowo m'malo mothamangira komweko akuyamba ndi kupempha kuti awatumizire ndalama. Apa ndi pomwe tinafa nako kuseka, chifukwa ndani sawadziwa bambo amenewa? Apolisi nawo akuti galimoto palibe, adikire mpaka kuche. Kenako akutulukira khazeni wake Nsansa, ataledzera, akuvina kutsogolo kwa galimoto, akuseka, mtembo uli poteropo.

Umayamba kuganiza kuti ndi filimu yoseketsa basi. Pang'ono ndi pang'ono umazindikira kuti kuuma kwa Shula ndi mowa wa Nsansa zikuchokera pabala limodzi. Fred anawagwiririra onse awiri ali ana. Sanalekerenso pomwepo. Pali wamng'ono wawo, Bupe, wa kuyunivesite, yemwe wadzijambula pafoni akufotokoza zomwe Fred ankamuchita, n'kuyesa kuchotsa moyo wake.

Chomwe ndikumuyamikira kwambiri Nyoni n'choti nkhanzazo sationetsa. Palibe chitseko chikutsekedwa, palibe mwana akukuwa, palibe kanyimbo kachisoni kotiuza kuti apa ndiye lirani. Timangoona zomwe zinatsala: mmodzi sangathe kumva chilichonse, wina sangathe kukhala osamwa, wachitatu ali m'chipatala. Susan Chardy, yemwe akusewera Shula, iyi ndi filimu yake yoyamba, koma nkhope yake yokha ikugwira ntchito yomwe ena amafunika masamba khumi a mawu kuti aigwire. Amene mumapanga masewero apa Malawi, chonde onani izi. Sitifunika kuona mtsikana akung'ambiridwa malaya kuti tikhulupirire. Ambiri a ife tikudziwa kale mmene zimakhalira, sitikusowa chithunzi.

Mbali yaikulu ya filimuyi ndi maliro, ndipo ngati munagonapo pasiwa mudzamva mpaka fungo la utsi. Chilankhulo ndi Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi, dziko ndi Zambia, koma zochitika zake ndi zathu zomwe: nyumba yonse yasanduka malo ogona, amayi akulowa chokwawa akulira mokweza, azibambo akhala pamipando kudikira chakudya, atsikana ali kukhitchini osapuma. Bambo wina akangokweza dzanja, mbale yafika. Shula anayesa kukabisala kuhotela, koma azimayi anamulondola komweko n'kumubweza. Mlandu wake ndi woti sakulira. Wapeza yekha mtembo wa malume ake koma maso ali gwa. Ndi mwana wamtundu wanji ameneyu?

Ndikuonera, ndinaganiza zoti m'Chichewa chathu liwu ndi limodzi. Namfedwa amalira, tambala amalira, belu limalira, foni imalira, nkhanga imaliranso. Filimu yonse anthu akumukakamiza Shula kuti alire, koma akufuna kulira kumodzi kokha, kuja kosonyeza kuti watisiya munthu wabwino. Pomwe m'mutu mwake mukubwerabwera pulogalamu ya ana ya pa TV yomwe ankaonera ali wamng'ono, yophunzitsa za nyama. Tsiku lina ankaphunzitsa za nkhanga, mbalame yomwe ikaona chilombo imachita phokoso, nyama zina n'kudziwa kuti kwaopsa. Amene munakhalako kwa agogo oweta nkhanga mukudziwa kuti si nthano. Galu wachilendo akangolowa pakhomo, mudzi wonse umva. Ndipo palibe munthu ananenapo kuti kulira kwa nkhanga n'kokoma. Kumasokosa, kumadzutsa anthu kutulo, kumakwiyitsa aneba. Nyoni akanafuna mbalame yokondedwa akanasankha njiwa.

Mzungu woonera filimuyi amangoona kuti Fred ndi ankolo. Ife tikudziwa kuti si ankolo wamba. Abemba, monganso Achewa, Ayao ndi Alomwe, amawerenga mtundu kuchikazi. Malume ndiye mwini mbumba. Ndi amene amayankhula pachinkhoswe chako, amene amaitanidwa banja lako likavuta, amene mawu ake amamveka pa nkhani ya malo ndi ya maliro. Mwambo unamuika kuti akhale mlonda wa ana a alongo ake. Nanga mlondayo akakhala kuti ndiye fisi, mbuzi zikadandaule kwa ndani? Ukauza amayi ako, ndiye kuti ukuwauza asankhe pakati pa iwe ndi munthu amene anayamwa naye bere limodzi, mwinanso amene anawalipirira fizi, amene anawagwira dzanja bambo ako atathawa. Ndipo azimayi amene mawu a pansi pa sikirini akuwatcha ma anti aja, kwa ife si ma anti. Ndi amayi aakulu ndi amayi aang'ono. Ndi amayi ake a Shula basi.

Apa ndi pomwe filimuyi inandilasa. Fred sanandidabwitse. Amuna amoyo a m'filimumu nawonso sanandidabwitse, ndi anthu ongokhala, ongodya, ongopempha. Shula atapita kwa bambo ake kukawafunsa za nkhaniyi, iwo akungozemba, akufuna zithe, munthu wafa kale. Ntchito yeniyeni yotseka pakamwa, ntchito ya tsiku ndi tsiku, yolemetsa, yofuna luso, akuigwira ndi akazi. Amene akuphika ndi omwewo, amene akulira ndi omwewo, amene akuonetsetsa kuti dzina la Fred lilowe m'manda lili loyera ndi omwewonso.

Pali gawo lina lomwe atsikanawa abisala m'kachipinda kosungiramo zakudya kuti apumeko. Azimayi aja akulowa, mpaka kachipindako kudzaza. Ndipo kwa nthawi yoyamba akuyankhula zoona. Ankadziwa. Anayesa kuyankhula naye Fred. Zinkawawawa. Amawakonda ana awowa. Kenako akuyamba kuimba, akuwakumbatira. Pagawo limeneli tinaimitsa filimu chifukwa mkangano unabuka pabalaza. Wina akuti ichi ndi chikondi, azimayiwa analibe mphamvu, anachita zomwe akanatha. Wina akuti chikondi chanji, uwu ndi msampha, akuwakumbatira kuti asatuluke kukanena panja. Ine ndikuti ndi zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake zimagwira ntchito. Akanakhala ankhanza okhaokha, Shula akananyamula chikwama n'kumapita. Chovuta n'kutsutsa munthu amene akukupukuta misozi ndi chitenje chake, amene anakubereka kumsana, amene ukudziwa kuti mwina nayenso ali ndi Fred wake yemwe sanamutchulepo kwa wina aliyense.

Koma musawamvere chisoni msanga. Akangotuluka m'kachipindamo, azimayi omwewo akukamugwera mkazi wamasiye.

Mkazi wa Fred ndi wamng'ono kwambiri, ali ndi ana ambirimbiri, ndipo ukawerengera zaka umazindikira kuti nayenso anali mwana pomwe Fred anamutenga. Kwawo ndi osauka poyerekeza ndi banja la Shula. Ndiye mkwiyo wonse womwe banjali silingautule pa malemu likuutula pa iye. Akuti sankamuphikira, sankamusamala, akanakhala mkazi weniweni mwamuna sakanafera pamsewu. Akumuchititsa manyazi pamaso pa anthu, iye ali chogwada. Ndipo maliro atatha, mabanja awiri atakhala pansi, akuchimuna akufuna katundu. Ana a Fred yemwe akumulirayo akagona kuti, palibe akufunsa.

Zomwe akuchitazo n'zoletsedwa, eti. Ku Zambia lamulo la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana amatenga magawo 50 pa 100 alionse a chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena omwe ankadalira malemuyo 10. Kuno kwathu lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Kukwatira mwana wosakwana zaka 18 tinakutseka m'malamulo oyendetsera dziko mu 2017, anzathu a ku Zambia anatseka mu 2023, kuphatikizapo maukwati a mwambo. Mapepala alipo ndithu. Kungoti pamphasa ya maliro sawerengedwa, ndipo wamasiye amene angatchule loya mtembo usanazizire tonse tikudziwa dzina lomwe angapatsidwe. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse m'Malawi muno amachitiridwa nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Tinalipo 9 pabalaza paja. Werengani nokha.

Tsopano ndinene zanga, poti kuloza azimayi a m'filimu n'kosavuta. Zaka ziwiri zapitazo ndinali pamaliro kumudzi kwathu. Malemu anali bambo wina wachibale, wodziwika, wa udindo kumpingo. Ndinali kumafuwa ndi azimayi, ndipo kumeneko nkhani yake inkayenda monong'ona. Ana aakazi sankatumidwa kunyumba kwake okha. Nanenso ndili mwana ankandiuza kuti kwa uje osamapitako wekha, osandiuza chifukwa. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, tinamva kuti anali tate wa ana amasiye, khomo lake linali lotsekukira aliyense. Mtsikana wina yemwe anakulira pakhomo limenelo anakhala pafupi nane, akungokanda pansi ndi kamtengo. Ine, wa digiri yanga, wa ma T-shirt a masiku 16 olimbana ndi nkhanza odzaza sutikesi, ndinatani? Ndinadzuka n'kukagwada, kupereka madzi osamba m'manja kwa azibambo. Ndinadziuza kuti si malo ake, si nthawi yake, ndipo mwiniwake sanandipemphe. Zina mwa zifukwazi n'zoona. Nkhani ya munthu suiulula iwe popanda chilolezo chake, ndipo pamenepo sindisintha. Koma sindinapite ngakhale kukakhala naye kuseri n'kumufunsa kuti uli bwanji. Ndinakwera minibasi Lolemba n'kubwerera kutauni. Azimayi a m'kachipinda aja sanabadwe ndi maduku kumutu. Anali ngati ife, ndipo anayamba chonchi, maliro amodzi, chifukwa chimodzi chomveka bwino.

Si kuti filimuyi ilibe pomwe yandikhumudwitsa. Chachikulu ndi wamasiye yemweyo. Iye ndi amene wavutika kuposa onse, koma mawu ake ndi ochepa kwambiri. Timamuona kudzera m'maso a Shula, ndipo Shula ali ndi galimoto, ali ndi ntchito, ali ndi ndalama yolipira hotela. Akalira, banja likamukana, ali ndi kopita. Nkhanga ya galimoto imeneyi. Nanga mtsikana amene fizi yake, sopo wake ndi malo ogona zikuchokera kwa Fred yemweyo? Mwina Nyoni anachita dala kuti tione mmene umphawi umatsekera munthu pakamwa kawiri, koma ine ndinkafuna mphindi zisanu zokha zoti mayiyu ayankhule yekha, za iye mwini, popanda womuyankhulira. Palinso zithunzi zina zokhala ngati maloto, madzi atadzaza m'nyumba, Shula akudziona ali mwana. Zina zinandigwira, makamaka za madzizo, chifukwa m'nyumba ya chinsinsi mumakhaladi choncho, aliyense akuyenda m'madzi koma akunamizira kuti pansi ndi pouma. Zina zinangondisokoneza, ndipo mnzanga wina anafunsa mokweza ngati laputopu yadumpha.

China si vuto la Nyoni, koma chimandinyansabe. Filimuyi inaonetsedwa ku Cannes mu Meyi 2024, komwe Nyoni anapata mphoto ya udayirekita m'gawo la Un Certain Regard. Ku Britain inalowa m'nyumba za kanema mu Disembala 2024, ku America kampani ya A24 inaitulutsa mu Marichi 2025. Ndalama zopangira zinachokera kumaiko omwewo ndi ku Ireland. Ife amene maliro akewo ndi athu timachita kufunsana kuti unaipeza kuti. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja, amene amatipatsa ma karate ndi zachi India m'mavidiyo shoo a ku Ndirande ndi ku Mtandire, ndikanakonda tsiku lina eni filimu atagwirizana nawo. Iyi ndi yofunika kuonetsedwa kumsonkhano wa amayi a mpingo, kwa anankungwi, kubanki m'khonde, osati kwa ife tokha odziwa kuwerenga mawu a Chingerezi othamanga pansi pa sikirini.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti mkaziyu anakulira ku Wales, akunyoza chikhalidwe chathu kuti azungu amuombere m'manja. Anabadwira ku Lusaka n'kupita kunja ali mwana, zoona. Koma amene akunyoza sajambula chonchi. Onani mmene akuonetsera akazi akakhala okhaokha, nthabwala zawo, mmene amagwirirana ntchito, mmene nyimbo imodzi imanyamulira nyumba yonse. Ameneyu ndi munthu woti anagonapo pamphasa, ndipo iye mwini ananenapo kuti ganizo la filimuyi linabwera ndi maliro a agogo ake. Komanso tinene zoona, chikhalidwe chomwe tikuteteza n'chiti? Palibe mwambo wa Abemba kapena wa Achewa womwe umati malume agone ndi mwana wa mlongo wake. Ndi malaulo. Amene ananyoza chikhalidwe ndi Fred.

Amene munaonera filimu yake yoyamba, I Am Not a Witch ya 2017, yomwe inapata mphoto ya BAFTA mu 2018, mukukumbukira kuti mwana wa mmenemo dzina lake analinso Shula. Ija ndiye muli Chinyanja chambiri, mudzamva osawerenga. Kamtsikana konamiziridwa ufiti, komangidwa riboni yoyera kumsana, kouzidwa kuti kakaidula kasanduka mbuzi. Shula woyamba ankamuopseza ndi nyama yomwe angasanduke. Wachiwiriyu wasankha yekha.

Kwathu kuno sitikuyambira pansi. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, ya mtsikana wantchito yemwe bwana anamupatsa mimba, iye n'kudzabwerera kudzamenyera mwana wake kukhothi. Mu 2017 anatipatsanso The Road to Sunrise, yomwe inawaona amayi ogulitsa thupi mu Blantyre ngati anthu, osati ngati phunziro loopsezera ana. Koma masewero athu ambiri, a pa TV, a pawailesi ndi a pa YouTube, amakonda kuthera malo amodzi. Woipa amamangidwa, kapena amadwala, kapena amagwada pamaso pa abusa n'kulapa, ife n'kukagona mtima uli m'malo. Nyoni watilanda zonsezi. Fred sangamangidwe, sangalape, sangapepese. Chatsala ndi funso la ana amene akadali moyo m'nyumba muja.

Ndiye mathero ake. Mabanja akhala pabwalo, akugawana katundu, mawu akwera. Shula akutulukira chapatali pamodzi ndi ana, akuyenda kulunjika pagulupo. Akutsekula pakamwa, ndipo chomwe chikutuluka si mawu, si misozi. Ndi kulira kwa nkhanga. Filimu n'kuthera pompo. Sitikuona ngati anamumvera, ngati anamutcha wamisala, ngati amayi ake anamuyankhulanso.

Poyamba zinandikwiyitsa. Kenako ndinakumbukira filimu ina ya zochitika zenizeni, The Ants and the Grasshopper ya 2021, yomwe anapanga Raj Patel ndi Zak Piper. Imatsatira Anita Chitaya, mlimi wa ku Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, yemwe amauza amuna a m'mudzi mwake kuti kuphika ndi kulera ana ndi ntchito yawonso, kenako n'kukwera ndege kukauza alimi ndi akuluakulu a ku America kuti kusintha kwa nyengo kukuumitsa minda ya kwawo. Ena amamumvera mwaulemu n'kusasintha kanthu. Chomwe chinandikhalira m'mutu si ulendo wa ku America, koma bambo wina woyandikana naye yemwe ankakana zoti mwamuna n'kugwira mthiko. Anita sanamuuze kamodzi. Anabwerera, n'kubwereranso, kwa nthawi yaitali. Filimu ya Nyoni ikuthera pa kulira koyamba. Ya Anita ikuonetsa m'mawa mwake, ndi m'mawa winawo, pomwe amene unawasokosa aja ukukumana nawo pachitsime. Muzionere zonse ziwiri, motsatizana ngati mungathe.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 8, ndipo amanditcha amayi aang'ono. Kale ndinkangomva kukoma. Chionereni filimuyi dzinali likundilemera, chifukwa ndi dzina la azimayi a m'kachipinda aja. Holide ikubwerayi akuyenera kupita kumudzi, monga tinkachitira ife. Agogo ankati nkhanga zinapangana kusanapse, ndiye Lamulungu m'mawa, ndisanapite kutchalitchi, ndinamuimbira mchemwali wangayo. Ndinamufunsa kuti mwanayu akagona nyumba ya ndani, ndi ndani, ndipo akafuna kutiimbira akabwereka foni ya yani. Ndinati tikamuuza kuti kwa uje osapitako wekha, timuuzenso chifukwa chake, m'mawu oti mwana amve, komanso kuti akatiuza chilichonse tidzamukhulupirira, ngakhale atatchula munthu amene timadya naye mbale imodzi. Kenako ndinatchula dzina la malemu uja.

Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Iwenso ankakuuza?" Tinakulira chipinda chimodzi, tinkafunda bulangete limodzi, koma aliyense anauzidwa payekha, ndipo sitinafunsanepo. Mayunitsi anandithera tili pakati pa nkhani. Anaimbanso iyeyo.